Ng'oma ya Kaputeni Everton ku Bilston

Amalawi a ku Wolverhampton amamudziwa Everton Kamphambale ngati bambo wofatsa uja wokhala kumbuyo m'tchalitchi, amene mapemphero akatha amayamba ndiye kusanja mipando. Ambiri ndi dzina lake lomwe salidziwa, amangoti amuna awo a Sisitala Zelipa. Mwini wake sadandaula, paja kwa eni kulibe mkuwe. Koma mukanamuona kwawo ku Dowa, kutsidya kwa Kasangadzi, mimba isanayambe kutsogola, simukanayerekeza n'komwe kumutuma mipando. Kumeneko anali kaputeni wa mganda.

Boma lawo, ndiye kuti gulu lawo la mganda, linkatchedwa Landani, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaionako Landaniyo. Anthu akakolola, fodya atapita ku okushoni, anyamata ankavala makabudula oyera ochita kuthobwa m'maso, masokosi ofika m'mawondo, nthenga pachipewa, mabadza, zipanda zoimbira zija, m'manja, n'kufola mizere pabwalo. Kutsogolo kunkakhala Everton, wenzulo pakamwa. Akatukula phewa limodzi, mzere wonse unkatembenuka ngati chitseko. Amayi a midzi ina ankaiwala kuti abwera kudzachemerera ana awo, n'kuyamba kululutira adani. Zelipa, amene nthawi imeneyo anali namwino wongoyamba kumene pa chipatala cha mishoni, amati iye anangopita kukaonera fumbi. Fumbi lakelo akukhala nalo mpaka lero.

Guleyu Everton anamutengera kwa agogo ake aamuna, a Rapson, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri m'gulu la asilikali la Keyala n'kukafika mpaka ku Bama. Za nkhondoyo sankakamba. Anabwerako ndi chifuwa chosatha, msana wowongoka ngati nsungwi, ndi chisoti chachitsulo chimene pakhomopo chinkagwira ntchito yomwera nkhuku. Koma ng'oma ikalira mkulu uja ankadzuka pampando n'kuyamba kukonza ana mapazi. "Ife ku Zomba tinkaguba molira," ankatero. "Inu gubani moseka, koma mzere uwongoke."

Zelipa atapeza ntchito ku Mangalande, Everton anatsatira pambuyo ndi mwana wawo wamkazi Mwai. Anzake a m'boma anamuperekeza ndi chipongwe, amvekere uchikamwini tauona wambiri koma wokwerera ndege ndi uno. Anamutuma kuti akafika ku Landani akapereke moni kwa eni dzina. Ku Landaniko sanafikeko. Anafikira m'kanyumba kogundana ndi tinzake ku Whitmore Reans, ndipo ntchito imene anaipeza inali yoyenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwaphikira tiyi, kuwakumbutsa mankhwala. Masiku oyamba zinkamuwawa, tisaname. Munthu amene ankaimitsa midzi yathunthu ndi wenzulo tsopano ankagwada kumanga zingwe za nsapato za eni dziko. Pa phwando lina la Amalawi anayesa kufoletsa abambo anzake mzere, koma aliyense anali ndi bondo lopweteka kapena foni yoti ayankhe panja, ndipo Mwai anamukoka jekete n'kunena kuti, "Dad, please don't." Kuchokera tsiku limenelo gule anamupinda n'kumuika pansi pa sutikesi. Ntchito anaizolowera, ndipo ena mwa okalambawo anayamba kuwakonda.

Amene anamulowa mumtima kwambiri anali bambo Rogers a ku Bilston.

Bilston ndi katauni koti ukatsika tramu, kasitima ka mumsewu kaja, n'kudutsa pamsika sungadziwe kuti panali moto. Kanakulira pa malasha ndi chitsulo, ndipo zonse ziwiri zinatha. Pamene panali ng'anjo pano pali nyumba zatsopano, masitolo ndi poimika magalimoto. Chotsala ndi madzi, ngalande yakale yozembera kuseri kwa nyumba, yakuda, yosayenda, abakha akuyandama ngati alibe kopita. Everton ankaitcha mtsinje. Bambo Rogers ankakana. "Mtsinje amapanga Mulungu, Kaputeni. Iyi anakumba anthu ndi mafosholo." Dzina la Kaputenilo anamupatsa tsiku limene anawaonetsa kavidiyo ka boma la Landani pafoni. Anakaonera kawirikawiri magalasi ali pamphuno, n'kugamula kuti anyamata ovala zoyerawo akuguba bwino kuposa gulu lonse limene iwo anali nalo ku usilikali.

Mkuluyu anali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, ndipo mkazi wawo anamwalira kale. Ali mnyamata boma linawatenga usilikali, monga linkachitira ndi anyamata onse nthawi imeneyo, n'kuwatumiza ku Jeremani kukalondera magalimoto ankhondo m'chisanu. Atabwerako analowa ntchito ku ng'anjo yaikulu ya tauniyo, imene eni ake ankaitchula dzina la mkazi, Elizabeti, ndipo anagwira kumeneko mpaka pamene inazimitsidwa. Kanyumba kawo ka njerwa zofiira kanali ndi windo la kukhitchini loyang'ana madzi. Anakalowa ali mkwati watsopano, ndipo kwina kulikonse sankakufuna.

Vuto linali mapazi. Matenda a Pakinisoni, aja onjenjemeretsa manja, anali atafika poti mapazi ankangomatirira pansi. Mutu ukuti tiyeni, thupi lapendekera kale kutsogolo, koma phazi lili nji, ngati laponda ulimbo. Zinkanyanya akafika pakhomo. Anagwa kangapo, ndipo m'mawa wina Everton anawapeza ali gone pakhomo la kukhitchini, atazizidwa, akutukwana kapeti.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Janet, mayi wa ntchito zake wokhala ku Shrewsbury, anabwera tsiku lomwelo maso ali psuu. Sanali munthu woipa ayi, ndipo amene angamunene kuti ankafuna kutaya kholo sanayendepo ulendo wautali mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti akapeza zotani. Anali atapeza malo ku nyumba yosungirako okalamba pafupi ndi kwawo, yaukhondo, ya anamwino usana ndi usiku. Ngalande kunalibe.

"Dadi, simungathenso kuyenda," anatero Janet.

"Wakuuza ndani?"

"Akupezani pansi. Mukufuna andiuzenso ndani?"

Mkuluyo anayang'ana kuwindo n'kunena kuti, "Novembala akubwera. Chibwerere ku Jeremani sindinajombepo perete wokumbukira asilikali. Ubwere udzaone. Ndikayenda ndi miyendo yanga mpaka pachipilala cha asilikali popanda wondigwira, undisiye m'nyumba mwanga. Ndikalephera, ubwere ndi galimoto yako."

Janet anavomera, poti ankadziwa kuti sangathe. Everton anamva zonse ali pasinki, ndipo anatsala pang'ono kugwetsa kapu. Palibe anamufunsa maganizo, koma anangodziwa kuti mlanduwu wamugwera iyenso.

Mayi wa kuchipatala wophunzitsa odwala kuyenda anali atawalangiza kale kuti matendawa amamvera kugunda kwa nyimbo, phazi likamva poponda limatsatira. Anawaikira pafoni kanthu kolira the, the, the. Bambo Rogers anakamvera pang'ono n'kunena kuti mpopi wodontha ali nawo kale kubafa, wina sakuufuna.

M'mawa wina Everton ankasita malaya a mkuluyo maganizo ali ku Dowa. Kunja kunali nkhungu, ndipo fungo la nsalu yotentha linamukumbutsa mmene ankasitira kabudula woyera mpikisano ukayandikira. Osadziwa anayamba kuliza ng'oma yaikulu ndi kukhosi, gu, gu, gudu-gu, badza likuyankha m'mphuno. Atacheuka anaona bambo Rogers, amene anawasiya atakanirira pakhomo la kuchipinda, ali pabalaza, akubwera, mawondo akukwera.

"Usasiye!" anakuwa mkuluyo. "Usasiye, iwe!"

Anazungulira tebulo, anazunguliranso, wina akuimba wina akuponda, mpaka malaya ananunkha kupserera.

Kuyambira pamenepo, ntchito za m'nyumba zikatha ankatulukira pa kageti ka kuseri n'kutsata kanjira ka m'mbali mwa madzi, kamene kale kankayenda mahatchi okoka maboti a malasha. Everton pambali, manja kumbuyo, ng'oma kukhosi. Akafika pabenchi ankapuma, ndipo m'pamene bambo Rogers ankaimanganso tauni yawo ndi pakamwa.

"Waona denga lobiriwira ilo? Elizabeti anali chapamenepo. Akamatsanula chitsulo thambo lonse linkafiira, mwana n'kumawerenga buku pawindo popanda nyale." Chala chonjenjemera chija chinkayenda pamwamba pa madenga. Uko kunali mgodi, uko fakitale ya mapoto, uko holo imene anyamata a m'tauni ankaphunzirira kuguba asanapite kunkhondo, ambiri osabwerako. Pa nkhondo yoyamba, agogo awo aakazi ankasimba, chinabwera chombo cha Ajeremani chonga chibaluni chachitali, n'kuponya mabomba m'mbali mwa madzi omwewa. Pa yachiwiri mizinga inkalira pazitunda, ndipo iwo ali kamwana ankawanyamula m'bulangete kupita nawo m'dzenje lofoleredwa ndi malata kuseri kwa nyumba. "Kuno sitinali ndi kampu yaikulu ya asilikali," ankatero, "koma nkhondo iliyonse inkadyera pano."

Everton ankamvetsera maso ali pamadzi. Dzuwa la miyezi imeneyi kuno ndi laulesi, silikwera, limangozembera m'mbali ngati mkamwini wamanyazi. Kuwala kwake kukagwera pa ngalande iye ankaona ngati moto wa Elizabeti uja sunazime, unangotsikira pansi pa madzi ndipo ukuyakabe pang'onopang'ono. Nthawi zina ankaiwala kuti ali kuti. Mabango a m'mbalimo ankasanduka a ku Kasangadzi, njiwa za padenga zinkalira Chichewa, ndipo m'nkhungu ya pansi pa mlatho ankayembekeza kuona hatchi ikutuluka ikukoka boti lodzaza fodya. Mkuluyo akasiya kulankhula ankangokhala awiriwo, aliyense akuyang'ana mudzi wake m'madzi amodzi omwewo.

Tsiku lina bambo Rogers anatchula kuti mayi awo pa nthawi ya nkhondo ankagwira ntchito pa makina opanga zisoti zachitsulo za asilikali, ndipo anagontha khutu limodzi ndi phokosolo. Everton anawauza za chomwera nkhuku cha a Rapson. Anayang'anana. Mafakitale opanga zisoti analipo ena, zisotizo zinali zosawerengeka, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezi. Koma anagwirizana pabenchi pomwepo kuti chinali cha mayi awo basi, ndipo panalibe wachitatu woti atsutse. Pobwerera m'basi Everton ankachiona chisoticho chikuyandama chagada pa ngalande, kudutsa pansi pa milatho, kulowa m'nyanja yamchere, kukwera Zambezi ndi Shire, kukhotera ku Bua, mpaka kukagunda pakhomo pa agogo ake anapiye akuchidikira. Anapitirira siteji yake.

Panali chinthu china chimene anagwirizananso osachitchula. Janet akabwera Loweruka, ng'oma inkatsika mpaka kungotsala kamphepo ka m'mphuno koti amve mkulu yekhayo. Janet ankaona bambo ake akudutsa pakhomo ngati mnyamata, wowasamalira ali pambali akuoneka ngati akuganiza zake, ndipo ankapukusa mutu modabwa.

Zelipa ndiye sanadabwe. Everton atamufotokozera monyadira, iye akuvula nsapato za kuntchito, anangofunsa kuti, "Ndiye mukaweruka inuyo, madalawo ku toilet amapita bwanji?"

"Amayesa kudziimbira okha."

"Zimatheka?"

Sizinkatheka. Phazi likakanirira, mantha ankawatsekera mpweya, nyimbo n'kuthawa.

"Bambo a Mwai, ine ma patient a Parkinson's ndimakhala nawo pa ward daily. Zimene mukupangazo n'zabwino, koma family iyenera kudziwa. Tsiku lina adzagwa inu muli kwa client wina, ndiye mudzaexplaina chiyani?"

"Tingodutsa Novembala yekhayu, amake Mwai. Munthu asachoke pakhomo pake ngati nkhuku yogulitsa."

"Ine ndanena," anatero Zelipa, n'kulowa kubafa.

Lamulungu la perete linacha lozizira, kumwamba kuli mbee. Silinali tsiku lake la ntchito, ndipo kutchalitchi mipando anasanja ena. Anavala malaya oyera, anakwera tramu, anakawaveka bambo Rogers jekete la mabatani owala, kachipewa ka usilikali ndi duwa lofiira la pepala pachifuwa, longa limene aliyense anavala tsikulo.

Atafika pamene perete ankayambira, Everton anangoti kukamwa yasa. Bandi ya malipenga enieni amkuwa, ng'oma yaikulu yomangirira pamimba, asilikali a yunifolomu, ana asukulu ophunzira usilikali, mbendera, ndi nkhalamba za mamendulo zikukonzana mizere. Moyo wake wonse anakhala akuvina chithunzi cha chinthu ichi, ndipo lero anakumana ndi mwini chithunzi. Anaona kuti mzere wachiwiri wakhota pang'ono, phewa lake n'kunyamuka lokha. Analakalaka anyamata a m'boma lake akanakhala pano, angoona kamodzi kokha.

Ng'oma itagunda, bambo Rogers sanasowenso za kukhosi kwa munthu. Ananyamuka ndi anzawo mutu uli m'mwamba. Everton anatsalira dala n'kumayenda pakati pa oonerera, kuti Janet aone bwino kuti bambo ake palibe akuwagwira. Janet anali tsidya lina la msewu, foni m'mwamba, akujambula uku akupukuta m'maso. Mtima wa Everton unadzaza chimwemwe, anaona kuti nyumba ija yapulumuka. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Atafika pa chipilala cholembedwa mayina a ana a tauniyo amene anafera kunkhondo, bandi inaleka. Anzawo anali ataima kale m'malo mwawo, koma bambo Rogers anali kumapeto kwa mzere, ndipo kuleka kwa ng'omako kunawapeza phazi limodzi lili pakakhonde ka m'mbali mwa msewu, lina lili pansi. Anakanirira pomwepo. Lipenga limodzi linalira nyimbo yachisoni, yokoka, yopanda poponda. Kenaka nalonso linaleka, mbendera zinaweramitsidwa, ndipo tauni yonse inangoti zii.

Za perete bambo Rogers anali atamuuza zonse, njira, zovala, amene amaima kutsogolo. Za chete ameneyu sanamuuze, poti ndani amauza mnzake kuti madzi ndi onyowa? Kuno aliyense amadziwa kuti pamakhala mphindi ziwiri zokumbukira akufa, zoti ngakhale chifuwa umachimeza. Koma kwa Everton, pabwalo kukangoti zii anthu ali pamzere ndiye kuti ng'oma yang'ambika, ndipo kaputeni amene angaime n'kumaonerera anyamata ake akusowa poponda sayeneranso kugwira wenzulo. Amatseka dzenjelo ndi chilichonse, m'manja, mluzu, pakamwa, mpaka ng'oma ina ifike. Anaona msana wa bambo Rogers ukupendekera kutsogolo, mawondo akugwedera. Anayamba chapansipansi monga mwa masiku onse, koma anali patali ndipo mkuluyo sanamve. Ndiye anatsegula chifuwa chonse, mawu aja ankamveka kutsidya kwa Kasangadzi.

Gu! Gu! Gudu-gu!

Phazi linanyamuka. Bambo Rogers anakwera kakhonde kaja, anadutsa malo awo osaima, anatuluka mumzere n'kulowa pabwalo lopanda munthu, okhaokha, kulunjika kuchipilala. Ndipo sikunali kuguba kwa ku Jeremani ayi. Phewa linkatsikira mbali iyi, kenaka iyo, ndendende boma la Landani. Kwa kanthawi Everton sanaione Bilston. Ankaona fumbi lofiira ndi mizere yoyera, ndipo anadabwa kuti amayi akuchedwa bwanji kululuta.

Anamudzutsa ndi bambo wina amene anamugwira mkono mwamphamvu, chala chili pamlomo. Everton anayang'ana uku ndi uku. Mitu yambiri inali yowerama, ndipo imene inadzuka maso ake ankamubaya. Anazindikira. Manyazi anamutsikira mpaka kumapazi, mawu n'kuduka. Nthawi yomweyo bambo Rogers anaima ngati wina wazimitsa magetsi. Anapendekeka, ndipo akanagwera pansi pakanapanda msilikali wina wamkazi amene analumpha n'kuwawakha.

Janet anaona zonse. Foni anali atatsitsa.

Sanakalipe, bola akanakalipa. Mwambo utatha, bambo ake atawakhazika pampando, anabwera pamene Everton anaima n'kumufunsa mofatsa, "Masiku onse aja ndikabwera, munkawaimbira?"

"Eya, mayi."

"Ndafika pachipilala," analowerera bambo Rogers. "Palibe anandigwira popita."

"Anakugwirani, Dadi. Kungoti sanakugwireni ndi manja." Anatembenukiranso kwa Everton. "Zikomo, ndikunena kuchokera pansi pa mtima. Sindinawaonepo akuyenda chonchi chimwalirire amayi. Koma inu mumabwera m'mawa n'kupita. Tsiku lonse lotsalalo aziwaimbira ndani?"



Everton anadwala nazo mumtima. Ankadziona kuti wachita phokoso pa maliro a eni, n'kugwetsanso nyumba ya munthu amene ankafuna kumuthandiza. Zelipa akanatha kunena kuti paja ndinanena, koma sananene, anangomusisita pamsana podutsa. Atapita kukapepesa, bambo Rogers anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonsezi ndimaima kumbuyo, Kaputeni. Anzanga olembedwa pachipilala aja anali asanandionepo pafupi." Kenaka anatembenukira kuwindo, mpaka tiyi anazizira.

Galimoto ya Janet inabwera Disembala atangoyamba, m'mawa wina udzu utayera ndi chisanu. Katundu wambiri anali atapita kale, makoma atatsala ndi zipsera za pamene panali zithunzi. Janet anabweretsa mpando wa matayala, koma bambo ake anaukana. Anati atuluka ndi miyendo yawo, ndipo ng'oma ilire mokweza, palibenso chobisa.

Everton anayamba. Anachoka kukhitchini, anadutsa pabalaza, mkuluyo akuyang'ana kutsogolo kokha. Janet anatsogola kukatsegula chitseko cha galimoto. Koma atafika pakhomo lotulukira, mphepo yozizira itawaomba kumaso, mawu a Everton anaduka ndi chisoni. Anayesa, munangotuluka mpweya. Bambo Rogers anaima chilili pakhomopo, dzanja lili pa felemu ya chitseko, mapazi onse awiri ali m'nyumba.

"Pepani, madala," ananong'ona Everton. "Ndiyambiranso."

"Usafulumire," anatero bambo Rogers osacheuka, ndi mawu otsika. "Ukapanda kuimba, ine pano sindingachoke. Ukudziwa?"

Everton ankadziwa. Anayang'ana msana wowerama uja, jekete likulendewera m'mapewa, dzanja likunjenjemera pa felemu. Anayang'ana Janet, ataima m'chisanu atagwira chitseko cha galimoto, akulira mwakachetechete osawafulumiza. Ankadziwanso kuti madzulo akubwera, ndipo iye adzakhala ali pakhomo lina, mkuluyo ali yekha.

Anawalola aime pakhomo pawo kanthawi kena, mpaka mawondo awo anayamba kugwedera. Kenaka anameza malovu, anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu yake ya kuntchito, n'kuyamba kuimba, ndipo bambo Rogers anatuluka.